Kasokosi ka Lonjezo

Sendezani njingazo, moto wa pa chiwaya uwu ndi wa tonse, ndipo iwe wotembenuza tchipisi usandiyang'ane ngati ndakudyera mbatata. Mwandifunsa chifukwa chimene masiku ano pa ukwati sindiliranso ngati khanda. Ena akuti abusa anandiletsa, ena akuti ndakalamba. Onsewo ndi abodza. Khalani pansi mumve kwa mwini wake.

Kwa inu osandidziwa, ndipo muli ochepa kuchokera ku Linthipe mpaka ku Bembeke, ine ndine Malipenga, woyendetsa mwambo wa maukwati. M'kamwa mwangamu muli mudzi wathunthu. Ndimalira ngati tambala mpaka tambala weniweni kukhumudwa n'kusiya ntchito. Ndikayankhula ngati wapolisi wa pamsewu, madalaivala amayamba kupapasa malaisensi ali m'tchalitchi. Koma chimene chinandipatsa dzina chinali kulira kwa khanda. Ndikangoti ng'ee pa maikolofoni, amayi oyamwitsa holo yonse ankagwira mabulauzi, mkwatibwi kubisa nkhope, apongozi kugwa pa mpando ndi kuseka.

Tsono m'mwezi wa Julaye, nyengo imene kuno ku Dedza ngakhale mbuzi zimalakalaka juzi, anandiimbira foni msuweni wanga Enelesi wa ku Lilongwe. Ameneyu ndimamutcha mkazi wanga wamkulu, monga achitira asuweni, iyenso amanditcha mwamuna wake wopanda phindu. Anabadwira m'tauni, anakulira m'tauni, chimbudzi chokumba amayamba wachipatsa moni asanalowe. Anati ali ndi gulu la anzake ochita masewera otchedwa jiyokashi, ndipo akufuna kubwera nalo kwathu kuno kuti aphunzire kusaka zizindikiro zakale za m'mapiri, anthu akunonso aone masewerawo. Ine ndikhale mwini bwalo.

Masewera ake ndi awa. Wina amabisa kabokosi m'tchire n'kutumiza pa foni manambala a malowo. Anzake amatsata mapu a pa foni, pomwe aliyense amaoneka ngati kadontho koyenda kokhala ndi dzina lake, mpaka kukapeza kabokosiko. M'katimo mumakhala tinthu tachabechabe, mabatani, tizidole, makiyi osatsegula khomo lililonse. Lamulo lake ndi limodzi basi, koma amalilemekeza kuposa malamulo khumi aja: ukatengamo kanthu, usiyemo kanthu. Ndinamufunsa ngati ku Lilongwe ntchito zinatha, kuti anthu a ndevu zawo azisewera chibisalirano. Anati ndisiye phokoso, ndikabise bokosi.

Ndinabisa, ndipo ndinabisa bwino, wina asakunamizeni. Pamwamba pa phiri la Chimphandu pali chipilala cha simenti chimene anamanga oyeza malo kalekale, amati bikoni. Kabokosi kanga ka pulasitiki ndinakalowetsa kunsi kwa mwala pafupi ndi bikoniyo, ndinaima pomwepo nji, n'kutumiza manambala kwa Enelesi monga anandiphunzitsira.

Loweruka lake anafika ndi magalimoto awo. Amayi ovala mathalauza, abambo ovala makabudula m'chisanu chimene chija, mawondo ali mbuu ngati chinangwa. Wamkulu wawo anali a Mtambalika, bambo wa chimimba chofika pa msonkhano iye asanafike, atavala malaya a matumba ochuluka kuposa masiku a mwezi. Ndinangowamva akuyankhula kamodzi, mawu awo ndinali nditawatenga kale. Powalandira pa bwalo la mpira ndinawayankhula m'mawu awo omwe, iwo n'kutembenuka kufuna kuona amene wawabera pakhosi.

Enelesi anabwera ndi mwana wake wakhanda, Lonjezo. Mwana ameneyu anamudikira zaka zambiri, zipatala anazimaliza, mapemphero a m'mapiri anawamaliza, ndiye mukamuona akumunyamula mungati wanyamula dzira la golide. Kuphiri sakanapita naye. Anamusiya kunyumba kwanga m'manja mwa mkazi wanga weniweni, Nangozo. Mwanayo anavala tisokosi tachikasu toluka ndi manja, koma kamodzi anali atakavula m'galimoto ndi kupalapata kwake, mayi ake n'kungokaponya m'thumba la jekete. Kanzake kanatsala kuphazi. Nangozo anamukulunga m'bulangete n'kutiuza kuti tisachedwe, kunja sikukumusangalatsa.

Tinachedwa. Munthu akandipatsa maikolofoni samandilanda msanga. Pamene tinkayamba kukwera, dzuwa linali litapendeka.

Tisanafike pakati pa phiri, nkhungu inatsika. Nkhungu ya kuno mumaidziwa, imabwera ndi kamphepo. Imeneyi inabwera yopanda mphepo, inangotivundikira ngati munthu akuyala nsalu pa mtanda wa mandasi. Mbalame zinasiya kulira. Chigayo cha kumsika, chimene chimamveka mpaka pa bikoni, chinangoti zii. Ndinaponya nthabwala imodzi, koma kuseka kwa anthu kunagwera pafupi pomwepo, osapita patali.

Kenaka mafoni anayamba misala. Timivi tawo tolozera njira tinazungulira, kuzungulira, basi tonse pamodzi n'kuloza kumunsi, kumanzere kwa njira, kumene kuli kankhalango ka mikuyu m'mbali mwa dambo. Malo amenewo ndinakula ndikuwaona. Palibe anandiletsapo kupitako, koma sindikumbuka mwamuna aliyense akudulako mtengo. Ndinawauza alendo kuti bikoni ili kumwamba, ndinabisa ndine. A Mtambalika anagwedeza chimimba nati mwini bwalo akufuna kutisocheretsa, setilaiti siledzera. Onse anatsetsereka kutsata mafoni awo. Ine ndinakhala pa mwala m'mbali mwa njira, kudikira kuti abwere adzandipepese.

Anabwera akuimba nthungululu. Enelesi anandimenya paphewa nati sankadziwa kuti mwamuna wake wopanda phindu ali ndi nzeru zotere, kubisa zinthu pansi pa kamphika kadothi kovundikira, koboola kumatako, kakale kooneka ngati kanachita kumera pomwepo. Anatambasula dzanja. M'dzanjamo munali kamkanda koyera, kakang'ono, koti kangokwana m'chiuno mwa khanda.

Ndinamufunsa kuti nanga wasiyamo chiyani. Anati chikwama cha tizidole anachiiwala m'galimoto, koma lamulo ndi lamulo, wasiyamo kasokosi ka Lonjezo.

Ndinawauza kuti ine sindinabise kamphika. Anaseka. Ndinabwereza nkhope ili gwa, anasekanso kwambiri, wina mpaka kupukuta misozi. Ili ndiye tsoka la munthu wanthabwala, tsiku limene ukunena zoona ndi limene anthu amati wafikapo.

Tinayamba kutsika, popeza mdima unali pafupi. Tikuyenda choncho, a Mtambalika anaima n'kufunsa kuti ndani watsalira m'mbuyo. Tinayang'anana, tonse tinalipo. Anationetsa foni. Timadontho tathu tinali pamodzi, kalikonse ndi dzina lake, koma kumbuyo kwathu kunali kadontho kena kopanda dzina. Tikayenda, kayenda. Tikaima, kaima. Bambo aja anazimitsa foni n'kuyatsanso, kadontho kanali katasenderako pafupi. Anati ndi netiweki, koma anazinena ndi mawu aang'ono, oti ngakhale ine sindikanawazindikira kuti ndi awo.

Ndiye m'nkhungumo munatuluka mayi. Sitinamve mapazi. Anali wosavala nsapato, chitenje chake chofwifwa, kumbuyo atabereka mwana womufunditsa mutu wonse. Nkhope yake musandifunse. Ine amene ndimangomuona munthu kamodzi n'kumusewera chaka chathunthu, ya mayi ameneyo ndikaifuna m'mutu ndimangopeza nkhungu. Chimene ndinaona bwino ndi kaphazi kamodzi kotulukira m'mbali mwa chitenje. Kanavala kasokosi kachikasu.

Anatidutsa tonse n'kukaima pamaso pa Enelesi. Anapinda mawondo pang'ono, n'kuwomba m'manja mwaulemu, kuwomba kosatulutsa phokoso.

"Zikomo amayi, kamukwana," anatero. "Koma phazi linalo likuzizidwa. Ndikatenga kanzake."

Basi anapitirira, kutsika njira ya kumsika, kumene kuli nyumba yanga. Mwana wa kumbuyoyo sanagwedezeke, sanatsokomole, sanalire. Nkhungu inawatseka.

Palibe anaseka. Enelesi anandiyang'ana n'kundifunsa ngati ndi munthu amene ndamutuma kuti awaopseze alendo. Anafunsa ngati akupempha kuti ndivomere. Ine ndinangoimbira Nangozo.

Nangozo anati anali pafupi kutiimbira. Lonjezo wagona kuyambira masana ndipo sakudzuka. Amugwedeza, amuika phala pamlomo, akungopuma pang'onopang'ono. Thupi lonse ndi lofunda, koma phazi lovala kasokosi lazizira ngati mwala wa mumtsinje. Ndinamufotokozera za kamphika, za kamkanda, za mayi uja. Anandifunsa kuti ndi pamalo pati. Ndinatchula mikuyu ya m'mbali mwa dambo.

Kenaka anayankhula, ndi mawu amene sindinawamvepo m'nyumba mwanga. Anati kumeneko ndi kumene amayi amakagoneka nthayo, ana obadwa atapita kale, amene sanalireko ngakhale kamodzi. Maliro ake amayenda amayi okhaokha, mwakachetechete, abambo sauzidwa malo ndipo safunsa. Kamphika kovundikira ndiye chizindikiro chake.

"Woyamba wathu ali komweko," anatero.

Anthuni, ine ndakhala ndi mayi ameneyu zaka zonsezi, phiri limenelo ndalikwera kosawerengeka. Ndinadziwa tsiku limenelo.

Sanandipatse mpata woti ndimeze malovu. Anati Enelesi abwerere ndi amayi anzake okha, abambo asapondeko. Akabweze kamkanda ndi manja awiri, apepese, adikire. Kasokosi sakakapeza pansi pa kamphika pokhapokha mayi uja atabwerera pamalo pake. Ndipo mlendoyo asafike pakhomo pathu, chifukwa akavula kanzakeko, satenga kasokosi kokha. Ndinafunsa kuti nanga amubweza ndani.

"Inu a pakamwa," anatero Nangozo. "Lero pakamwa panupo pagwire ntchito."

Enelesi anali atayamba kale kuthamangira kumikuyu, amayi anzake pambuyo. A Mtambalika ndi abambo ena ndinawasiya atagwirana malaya ngati ana a sukulu ya mkaka. Ine ndinadzera njira yachidule ya m'minda ya mbatata. Kuthamanga kwa tsiku limenelo, akanakhalapo ojambula, bwenzi pano ndili ndi mendulo. Mizere ndinkailumpha itatuitatu. Ndinakafika pa kamlatho ka mitengo, pamene aliyense wochokera kuphiri ayenera kuwolokera, n'kuima pakati, chifuwa chikulira ngati chigayo.

Sanachedwe. Anatulukira m'nkhungu akuyenda mosafulumira, ngati munthu wodziwa kuti chimene akukatenga sichithawa.

Ndinayamba ndi malonje. Ndinagwada, kuwomba m'manja, kufunsa za kunyumba, za ana, za mvula ya chaka chatha, za nkhuku ngati chitopa chinazisiya. Munthu woleredwa sadutsa pa malonje. Anangobwerabe. Ndinasintha, ndinatulutsa wapolisi, kumulamula kuti aime pambali aonetse katundu. Anangobwerabe. Ndinalira tambala, poganiza kuti za mtundu umenewu zimaopa m'bandakucha. Tambala wa tsiku limenelo anali wabwino kwambiri moti nkhuku za tsidya lina zinayankha. Iye sanatembenuze n'khosi lomwe. Kuzizira kumene kunkamutsogolera kunandifika m'mawondo, ndipo ndinapezeka ndapatuka ndekha, miyendo yandichotsa pa mlatho osandifunsa.

Phazi lake litaponda mtengo woyamba, maso anga anagwera pa kamtolo ka kumbuyo kaja, kali phee. Ndinakumbukira mawu a Nangozo, akuti amene sanalireko ngakhale kamodzi. Ndinabwerera m'mbuyo m'nkhungu, mbali ya kuphiri, ndinatseka maso, n'kulira.

Osati kulira kwa pa ukwati koseketsa anthu kuja. Ndinalira kwa khanda longofika kumene, kuja koyamba ndi kukoka mpweya, kunjenjemera, kenaka n'kung'ambika.

Mayi uja anaima.

Anapititsa dzanja kumbuyo n'kugwira kamtolo kake, ngati akufunsa. Ndinaliranso, ndikusendera kumtunda. Anachotsa phazi pa mlatho. Anatembenuka.

Ndinakwera phiri limenelo chobwerera m'mbuyo, ndikulira. Ndikapuma kuti ndikoke mpweya, iye ankaima n'kuyang'ana kumsika, ndiye ndinasiya kupuma. Minga inandigwira, ndinagwa m'ngalande, nsapato imodzi ndinaisiya m'matope, koma khanda silinasiye kulira. Tinawadutsa a Mtambalika ndi gulu lawo. Anandiuza pambuyo pake kuti anaona ine ndekha, ndikukwawa chafutambuyo, kamwa ili yasa, koma pa foni timadontho tinali tiwiri, kanga ndi kopanda dzina, titatsala pang'ono kukhudzana.

Pofika m'mphepete mwa mikuyu mdima unali utagwira. M'katimo ndinkamva mawu a Enelesi akupepesa, akubwereza mawu omwewo ngati pemphero. Ine mwamuna sindikanalowa. Ndinagwada pomwepo, kufulatira nkhalango, nkhope m'maudzu, n'kupitiriza kulira, ngakhale pakhosi panali patauma ngati chikopa.

Ndiye ndinamva dzanja pamsana.

Linali lozizira, lopepuka. Linayamba kundisisita, kenaka kundiomba pang'onopang'ono, monga achitira mayi potontholetsa mwana. Pafupi ndi khutu langa wina ankang'ung'udza kanyimbo kopanda mawu. Ndikuuzeni zoona, mantha anandithera. Chimene chinandigwira ndi chisoni, chifukwa dzanja limenelo linkaomba ngati la munthu amene wadikira nthawi yaitali kuti apeze womutontholetsa. Ndinalira mpaka ndinasiya kudziwa ngati ndikuyerekeza.

Kenaka ndinamva kanthu kakusololoka pakhosi panga, mofatsa, ngati munthu akusolola ulusi pa juzi. Sikanapweteke. Kamwa inali yotsegula, koma munangotuluka mpweya. Dzanja linachoka. Masamba a mikuyu anachita phokoso pang'ono, ndipo kutali ndinamva chigayo cha kumsika chikulira.

Enelesi anatuluka atagwira kasokosi ndi manja awiri pachifuwa. Anati anakweza kamphika kangapo osapezamo kanthu, kenaka atakwezanso anakapeza. Anandigwiritsa. Kanali kofunda, ngati kangovulidwa kumene.

Foni inalira. Nangozo anangoyandikitsa foni pakamwa pa Lonjezo. Mnyamata uja ankakuwa ngati amulanda munda. Enelesi anakhala pansi m'matope momwemo, kulira ndi kuseka nthawi imodzi, n'kunditcha mwamuna wake, osawonjezerapo zopanda phindu zija.

M'mawa mwake kunja kunayera. A Mtambalika anakwera okha, foni inawatengera molunjika pa bikoni, ndipo kabokosi kanga anakapeza pansi pa mwala, pa manambala omwe ndinatumiza. Ndinakuuzani kuti ndinabisa bwino. Anatsika osatengamo kanthu. Anati masiku ano akonda kungoyang'ana.

Masewerawo sanafe, musaganize choncho. Enelesi amabwerabe ndi gulu lake nyengo yotentha, mwini bwalo ndikadali ine, ndipo palibe amandiposa. Kungoti tisanabise bokosi lililonse, ndimayamba ndamutchulira Nangozo malowo. Akati ayi, sindifunsa chifukwa.

Ukwati wotsatira unali ku Bembeke. Tambala analira, wapolisi anagwira anthu, mawu a a Mtambalika omwe ndinawatulutsa, anthu n'kugubuduka. Itafika nthawi ya khanda, ndinayandikitsa maikolofoni, kukoka mpweya, kutsegula kamwa. Zii. Ndinayesanso kuseri kwa holo, ndinayesa kubafa, ndayesa mpaka lero. Mulibe. Mudzi wonse uli m'kamwamu, koma nyumba imodzi anasamukamo. Lamulo lija silisankha: tinatengako Lonjezo wathu, tinayenera kusiyako kanthu.

Amayi otola nkhuni akuti madzulo a nkhungu, ukadutsa m'mbali mwa dambo, umamva khanda likulira m'mikuyu, ndi wina akulitontholetsa. Akuti kulirako sikufanana masiku onse, lero kwa kamtsikana, mawa kwa kamnyamata, ngati akubwerekana. Ambiri amadzera njira ina. Koma Nangozo masiku ano nkhuni amakatola komweko, ngakhale pakhomo zili mulu, ndipo amachedwa, n'kubwera ndi titsatsa tosakwana kuwiritsa tiyi. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kumufunsa chimene amakachedwera. Anatula titsatsa take, anandiyang'ana, n'kumwetulira.

"Wathu ndimamudziwa," anatero. "Amakokomeza ngati bambo ake."

Iwe wa tchipisi, kankhira uko chikuni chimenecho. Utsi wako ukundilowa m'maso.